Kaduwa Kamene Kanatsika ndi Napolo

Eneya, mwamuna wa Zelifa, ali ndi manda awiri, ndipo m'manda amene abale ake amawalemekeza mwagona thunthu la nthochi. Si mwambi ayi. Chaka chija cha namondwe amene anamupatsa dzina la munthu, ati Fredi, ngati mwana wa ahedi, napolo anatsika m'phiri la Michesi natenga Eneya pamodzi ndi theka la munda. Anthu anafunafuna ndi makasu mpaka manja anachita matuza, osamupeza. Ndiye akuluakulu anachita zimene amachita munthu akapita ndi madzi: anadula thunthu la nthochi, analikulunga m'nsalu yoyera, analiika m'bokosi, nakalikwirira kumanda a kwawo kwa Eneya, kutsidya la mtsinje. Kwaya inayimba. Abusa analalikira, ati m'bale wathuyu wapumula. Zelifa anakhala pamphasa maso ali gwa, akuyang'ana bokosilo, akudziwa kuti nthochiyo anabzala yekha kuseri kwa bafa. Msozi sunatuluke ngakhale umodzi, ndipo amayi a m'mudzi anazisunga zimenezo mumtima kuti azikazikamba pamjigo.

Pambuyo pake anamumeta, namusudzula. Ati tsopano ndinu mfulu, mutha kukwatiwanso. Zikomo kwambiri. Mkazi wa imvi, nyumba yong'aluka, munda wasanduka thanthwe, amuna anachita kupondana pakhomo pake, mwaonatu.

Tsono za kaduwa. Kumtunda kwa munda wawo, pamene mizere inkathera n'kuyamba miyala ya phiri, panali chimwala chokhala ngati ng'ombe yogona. M'tsinde mwa chimwalacho munkamera kachomera kena kopanda ndi dzina lomwe. Masamba ake amagona pansi ngati mpiru wopondedwa, pamwamba obiriwira, kunsi oyera ndi ubweya. Dzinja lonse simungakaone, udzu umakakwirira. Koma moto wa osaka mbewa ukangodutsa, dziko lonse lili bii ngati kunsi kwa mphika, m'pamene kamatulutsa kaphesi kowonda, pamwamba pake kaduwa koyera, kuseri kofiirira, pakati pachikasu. Mvula isanagwe n'komwe. Eneya ankangoti ndi kampendadzuwa ka m'phiri. Sikadyedwa, sikachiza mutu, ngakhale mbuzi imangonunkhiza n'kumapita. Kumunsi, m'minda ya dothi lakuda yolowera ku nyanja ya Chilwa, simungakapeze ngakhale mutafuna ndi tochi. Kamafuna pamiyala pake pomwepo, padothi lofiira, chaka ndi chaka pachitsinde chomwecho.

Eneya sankakalimira. Mzere ukafika pamenepo ankaukhotetsa ngati msewu wozemba nyumba ya munthu wolemera. Zelifa anakalipa zaka zonse za ukwati wawo.

"Malo a mapesi asanu a chimanga mwapatsa duwa. Likadzabereka mudzandiitane, ndidzabwere ndi dengu."

"Ine pano ndine mkamwini, Zelifa," ankatero Eneya osadzutsa mutu. "Kameneko ndinakapeza. Mkamwini sazula zimene wapeza."

Mmawa wa tsiku lija mvula inali itagwa masiku osawerengeka. Eneya anatenga khasu la mkazi wake poti lake linali litaguluka, anafunda thumba la feteleza kumutu, ati ndikatsegule ngalande pachimwala paja madzi asathere m'mizere. Zelifa, ali pakhomo, anamuponyera mawu: "Mukapereke moni kwa duwa lanu." Amenewo ndiwo mawu otsiriza amene mwamunayo anamva kwa mkazi wake. Posakhalitsa phiri linalira ngati malole ambiri akutsika opanda mabuleki. Zitatha, pamene panali chimwala panali thanthwe losalala ngati mbale yotsuka. Dothi, mitengo ndi miyala zonse zinakaima kumunsi, m'munda wa a Cornelius, mchimwene wake wamkulu wa Zelifa, mwini mbumba.

Chilimwe cha chaka chomwecho Zelifa anadutsa m'munda umenewo pochokera kunkhuni. Moto unali utapitamo. Chimwala chija anachizindikira, ng'ombe yomwe ija, kungoti tsopano inagona chagada. Ndipo m'mbali mwake, pakati pa miyala yopsa, panali kaduwa koyera. Anatula nkhuni. Anafukula pang'ono ndi chala. Sikanali kambande ka chaka chino ayi. Chinali chitsinde chakale, mizu ngati zingwe, dothi lofiira la kumtunda likadali m'mizumo, pamunda wa dothi lakuda. Anakwera kumtunda kukaona: kunalibe ngakhale tsamba.

Sukulu anasiyira sitandade sikisi, koma samu iyi sinafune aphunzitsi. Eneya anaima pachimwala. Kaduwa kanali pachimwala. Chimwala ndi kaduwa zinatsika pamodzi n'kuima apa. Nanga munthu wa khasu m'manja akanatsikira njira ina, ya yekha, ngati mlendo wolemekezeka?

Anakauza a Cornelius. Iwo anamuyang'ana ngati wawapempha mbuzi.

"Maliro tinaika, Zelifa. Nthochi ikalowa m'manda, munthu safunidwanso. Usadzutse zogona."

Ndiye anatseka pakamwa. Chilimwe chilichonse ankapita yekha, n'kuyatsa udzu wa pamenepo osadikira a mbewa, kuti kaduwa katuluke. Kakatuluka ankakhala pamwala n'kumukalipira Eneya: za denga lodontha, za mtengo wa feteleza, za khasu lake limene anapita nalo osabweza. Mwamunayo ankamvetsera bwino kuposa kale.

Chaka chachitatu, m'mwezi wa Seputembala, m'mudzimo munalowa galimoto. Anatsika a Jonathan, mng'ono wake wa Eneya, wogwira ntchito mu ofesi ku Blantyre, ndi akazi awo a Queen, atakumbatira botolo lawolawo la madzi poopa a pamjigo. A Jonathan ndi aja anafika pamaliro bokosi litalowa kale, nalira mokweza kuposa onse kwinaku akusuzumira ngati matope afika pathalauza lawo loyera. Tsopano anabwera ndi chikondi chosefukira. Ati achimwene sangagone ngati galu, tiwamangira chiliza cha matailosi, chokhala ndi chithunzi ndi vesi.

Anakhala pakhonde pa a Cornelius. Zelifa anaitanidwa, osati kuti anenepo kanthu, koma kuti pakhale wothirira alendo thobwa.

"Simenti tagula, matailosi akubwera," anatero a Jonathan, akuyendetsa foni kuti aliyense aone chiliza cha munthu wina wa ku Limbe. "Chatsala ndi miyala ya maziko. Ndiye tamva kuti a Cornelius kuno muli ndi miyala yongokhala m'munda."

"Tengani yonse," anatero a Cornelius, mano onse ali panja. "Ndi chimwala chachikulucho, mukachitenthe ndi moto n'kuchiswa. Ine sindifuna kanthu."

Akanafunanso chiyani? Munthu anasowa womuchotsera miyala kwa zaka, lero Mulungu wayankha, wachita kutumiza galimoto.

Zelifa anaika chikho pansi.

"Alamu, mwati chilizacho mukumangira ndani?"

"Achimwene, amuna anu. Funso lanji limenelo?"

"Ayi, ndimangofuna kudziwa, poti nthochiyo ndinabzala ndine. Inali ya mtundu wa makumbuka. Pavesi paja mukalembe bwino, anthu angamaganize kuti inali kabuthu."

A Cornelius anatsamwa ndi thobwa. A Queen anapendeka mutu ngati nkhuku yoona kabawi, nalankhula mofewa ngati akunyengerera mwana kumwa mankhwala.

"Mlamu, chisoni chimatenga nthawi. Masiku ano kuli anthu ophunzira amene amacheza ndi anthu ngati inu, mtima n'kukhala pansi."

"Ocheza nawo ndili nawo, mlamu. Amene ndikusowa ndi mwamuna, ndipo ndikudziwa pamene ali."

Anafotokoza zonse, za ngalande, za chimwala, za chitsinde ndi dothi lofiira. Anafotokoza mosakometsera, poti sankadziwa kukometsera. A Jonathan anamvetsera akugwedeza bondo, kenako anaseka kaseko ka mu ofesi, kotulukira m'mphuno.

"Alamu, mbewu za maluwa zimauluka ndi mphepo. Izi amaphunzitsa ku pulayimale."

"Mphepo yake iti yonyamula chitsinde ndi dothi lake, n'kusanjikapo chimwala? Imeneyo ndiye Fredi ndikunenayo."

"Chabwino, tinene kuti duwa linatsika. Duwa si munthu. Mwina achimwene anakafika ku Chilwa. Inu munaona?"

Apa anamulasa pabala, pakuti zimenezo Zelifa ankaziganiza yekha masiku ambiri.

"Sindinaone. Mwina ali pachimwala, mwina palibe. Koma kumanda kwanu kuja ndiye ndikudziwa kuti kulibe. Mukufuna kuchotsa miyala pamwamba pa munthu kuti mukakongoletse nthochi."

A Jonathan anasiya kugwedeza bondo.

"Tinakusudzulani, alamu. Mwambo unatha, tinagwirana chanza. Za manda a achimwene ndi za ife akuchimuna. Tinakuitanani mwaulemu chabe."

"Ndipo munda ndi wanga," anawonjezera a Cornelius. "Zelifa, usandichititse manyazi pamaso pa alendo. Ukufuna dziko linene kuti tinanamiza abusa? Tenga zikhozo uzipita."

Anapangana pomwepo kuti Dave wa ngolo ayambe Lachisanu, iye ndi anzake awiri.

Zelifa anapita kwawo akutafuna mano. Akadandaule kwa ndani? Onse amene akanamumvera anali nawo pamwambo wa nthochi, ndipo anadya nawo mbuzi. Akagone pamiyala? Akanamunyamula manja ndi miyendo ngati wamisala, a Queen akujambula pafoni kuti akaonetse anzawo chisoni cha kumudzi. Atafika pakhomo anakhala pamtondo, akuyang'ana tambala wake, mmodzi yekhayo, akunyada pakati pa bwalo ngati ali ndi mawa.

Ndipo anakumbukira kuti Dave si wa ngolo chabe. Dave ndi mkulu wa adzukulu, okumba manda a m'mudzimo. Dzenje la nthochi lija anakumba ndi iye. Dave akhoza kukubera mtolo wa nsungwi, akhoza kukunamiza kuti ng'ombe yadwala pamene waledzera ndi iye, koma malamulo a kumanda sawaseweretsa. Manda sakumba osatumidwa ndi eni maliro. Khasu loyamba amatema ndi wachibale. Chakudya cha adzukulu sachikana, ndipo sichibwerera kumudzi.

Lachisanu mmawa tambala uja anasiya kunyada. Zelifa anaphika mpunga wa ku Chilwa umene ankasungira Khirisimasi. Anafukula pansi pa sutikesi chitenje chakuda ndi duku lakuda zimene anavula tsiku lomusudzula, navala. Anasenza dengu, m'manja ndowa ya madzi ndi beseni, nalunjika kumunda wa achimwene ake.

Anapeza ntchito ili mkati. Ngolo inali itadzaza theka ndi miyala ya m'mphepete, ng'ombe zikubzikula. Dave ndi anzake anali atayandikira chimwala chija, mmodzi akutukula mwala ndi chitsulo, wina akugubuduza. Mwala wina unali utagubuduzika kale pamwamba pa chitsinde chija. Kaduwa kanali kataphwanyika, kakusuzumira kunsi kwake.

Zelifa sanafike pafupi. Anaima patali, pamene amaima amayi akabweretsa chakudya kumanda. Anagwada, natula dengu, naika beseni ndi madzi pambali.

"Pepani adzukulu. Chakudya chachedwa, wamasiye ndili ndekha."

Dave anaweramuka, thukuta lili chuchuchu.

"Mwati chiyani, mayi? Ife tikutola miyala."

"Eya, ndaona. Pitirizani. Kungoti mukafika pachimwalapo muzikumba pang'onopang'ono. Amuna anga anavala malaya abuluu, kumutu thumba la feteleza. Khasu mukalipeza ndi langa, mundibwezere."

Chitsulo chinagwa pamwala n'kulira ngati belu la tchalitchi. Amene anachigwira uja, Micheal, anabwerera m'mbuyo akuyang'ana pamene waponda.

"Mayi, musaseweretse pakamwa," anatero Dave. "A Eneya tinaika kutsidya. Ndinakumba ndine."

"Munakumba bwino, Dave, dzenje lowongoka. Ndipo bokosi munanyamula ndinu. Linkalemera ngati munthu?"

Zelifa analoza pansi pa mwala wogubuduzika uja.

"Kaduwa mwapondako mukukadziwa? Munakaonapo kumunsi kuno chibadwire?"

Dave anayang'ana. Iyenso anakulira m'phirimo akusaka mbewa. Anayang'ana kaduwa, anayang'ana chimwala, anakweza maso kuthanthwe loyera kumtunda kuja, nawatsitsa pang'onopang'ono potsata njira imene napolo anadzera.

"A Jonathan sanatiuze zimenezi."

"Akanakuuzani bwanji? Iwo m'bale wawo ndi wa masamba."

Amuna atatuwo anaima ngati zitsa. Fungo la nkhuku linali litawafika kale, ndipo chichokereni kunyumba anali asanalawe kanthu. Dave ankadziwa msampha umene waikidwa. Akadya, wavomera kuti pano ndi pamanda. Akakana, wakana chakudya cha wamasiye wogwada, wovala zakuda, pamalo pamene mwina pagona munthu. Anakanda m'mutu, nayang'ana ng'ombe zake ngati zingamupatse nzeru.

Zelifa anaona kuti mwamunayo akhoza kuima choncho mpaka dzuwa kulowa. Ndiye anachita chimene chinatsala. Anayamba kulira maliro.

Poyamba, kunena zoona, kunali kulira kwa a Jonathan, kwa pakhosi, kofuna omvera. Anatchula dzina la Eneya mokoka monga amachitira amayi. Koma maso ake anagwera pakaduwa kophwanyika kaja, ndipo anamva mawu ake omwe, aja a pakhomo, mukapereke moni kwa duwa lanu. Pamenepo chinthu chinang'ambika m'chifuwa. Misozi imene nthochi inalephera kutulutsa inabwera yonse, ndi chiwongoladzanja chake. Analira osasamala kuti ndani akumva, mamina ndi dovu, akumenya dothi ndi chikhatho.

Kumudzi kulira kwa maliro sikufuna uthenga. Inali nyengo yososa, anthu ali m'minda. Amayi anayamba kutulukira uku ndi uku, akusiya makasu m'malire, akumanga zitenje bwino. Sanafunse kuti wafa ndani. Munthu umayamba wakhala pansi, kufunsa pambuyo. Ena anali omwe aja a pamjigo, amene ankati mkazi uyu ndi wouma mtima. Lero anapeza zimene ankafuna, ndipo anakhutira.

Aliness anafika mochedwa. Iyeyu mwana wake wamkazi, Madalo, anapita ndi napolo yemweyo ali kotunga madzi, ndipo nayenso anamuikira nthochi, yaing'ono. Anagwada pafupi ndi Zelifa, nafunsa motsitsa.

"Achemwali, mukuti ndi apa?"

"Za Madalo sindikudziwa, ndisakunamize. Ndikudziwa kuti dothi la kumtunda linaima apa."

Aliness anayang'ana miyalayo nthawi yaitali. Kenako anatambasula miyendo nakhala, kukhala kwa munthu amene sachoka msanga. Mayi wina anayambitsa nyimbo ya maliro, ena anapolokozera. Amuna odutsa panjira anatsika panjinga.

Galimoto silikanafika kumundako, choncho a Jonathan anabwera wapansi, chipewa kumutu, a Cornelius patsogolo, a Queen kumbuyo akusankha popondera. Anamva nyimbo ali patali. Pofika, nkhope ya a Jonathan inali itatupa ngati chule.

"Maliro a ndani awa? Dave, ndinakutuma kudzayimba kwaya?"

"Bwana, munatituma miyala," anatero Dave. "Iyi ndi ntchito ina. Ili ndi eni ake, ili ndi malamulo ake."

"Malamulo a chiyani? Pano ndi pamunda. Amayi inu, mukunamizidwa. Mayi awa mutu sukuyenda bwino, tonse tikudziwa. Achimwene anga ali kumanda, munaliko nonse, munayimba nonse. Lero mukulira duwa? Duwa la m'tchire?"

Nyimbo inazilala. Amayi anaweramitsa mitu, pakuti munthu wa galimoto akamalankhula mawu ake amalemera. Zelifa anapukuta kumaso ndi m'mphepete mwa chitenje. Mawu anali atasasa, koma anamveka.

"Alamu, muli kutali, ena sakumva. Bwerani mukwere pachimwalapo. Muime pamwamba penipeni, munene bwinobwino kuti pansi pa nsapato zanu palibe m'bale wanu. Mukatero ine ndinyamula dengu langa, Dave apitirize."

"Mukuyesa ndingaope mwala?"

"Ayi, inu ophunzira. Kwerani."

A Jonathan anayenda. Anadutsa ngolo, anadutsa beseni, anadutsa Micheal. Anafika pamene dothi lakuda limathera n'kuyamba miyala yopsa, pafupi ndi kaduwa kophwanyika kaja. Chimwala chinali patsogolo pawo, mwana akanachikwera. Anakweza phazi, nalibweza. Anayang'ana kumtunda kuthanthwe. Anayambanso kulankhula, za mphepo, za mbewu, za sayansi, koma mawu ankatuluka ochepa thupi, ndipo mapazi anali pomwepo.

"Alamu," anatero Zelifa, "ngati pano si pamanda, chipewa mwavuliranji?"

Anthu onse anayang'ana. Chipewa chinali m'manja, atachigwira ndi manja awiri pamimba, monga amachitira mwamuna aliyense wa kuno akafika pamanda, kaya anaphunzira kaya ayi. A Jonathan anachiyang'ana ngati wina wawapatsira mwachinyengo. Anachikweza kuti avale. Chinafika pachifuwa, n'kuima. Anakhala choncho, mwana wa mayi mmodzi ndi Eneya, amene Eneyayo ankamubereka kumsana popita kudambo.

Palibe anaseka. Ngakhale Zelifa, amene anali ndi mawu ena atatu okonzeka palilime, anawameza.

A Queen anabwera nagwira amuna awo pamkono. Nsapato zawo zinali zitadzaza phulusa, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaziyang'ane.

Dave anapumira m'mwamba. Anapita pabeseni, nasamba m'manja mpaka m'zigongono, anzake namutsatira. Anakokera dengu pamthunzi wa ngolo, navundukula.

"Tambala ameneyu anali wamkulu," anatero.

"Anali mmodzi yemweyo," anayankha Zelifa. "Mafupa musiye pomwepo, asabwerere kwanga."

A Cornelius ndiwo anaona kumene zinthu zikupita. Adzukulu akadya pamalo, nkhani yatha, palibe khoti loibweza.

"Nanga munda wanga? Zelifa, munda wangawu?"

"Munda wanu uli pomwepo, achimwene, sindinausenze. Limani. Chimanga chake muzidzadya nokha."

Atatha kudya, Dave anamasula chitseko cha ngolo. Miyala sanaikhuthule monga amachitira ndi mchenga. Anaitsitsa umodziumodzi, n'kumaibweza m'mabowo mmene inachoka. Ati mwala wa pamanda sukwera ngolo yake, ng'ombe zingamufere. Ndi uja unaphwanya kaduwa anautukula awiri, nauika pambali.

Chiliza chinamangidwabe, musade nkhawa. Miyala anakagula kwa oswa miyala a m'mbali mwa msewu wa ku Chiringa. Amene anapitako akuti n'chokongola kwabasi: matailosi onyezimira, chithunzi cha pachitupa, vesi, ndi nkhata zapulasitiki zochokera ku Limbe, zosafuna moto kapena mvula. Nthochi ya makumbuka sinalemekezedwepo chotero chiyambire dziko. Zelifa sanaitanidwe kukaika nkhata, poti anasudzulidwa. A Cornelius mpaka lero akakumana naye panjira amayang'ana mitengo. Koma khasu silinalowenso pamiyala paja. Ana opita kunkhuni amalambalala, amuna odutsa amavula zipewa, ndipo Aliness amabwera ndi tsache. Wina anaona galimoto litaima kumsewu tsiku lotsatira chiliza, ndi munthu wa thalauza loyera akuyenda yekha kulowera kumundako. Zelifa atamva anangoti mwina anataya chipewa.

Mvula isanagwe, chitsinde chophwanyika chija chinatulutsa kaphesi kena, kokhota, ndi kaduwa kake pamwamba. Zelifa anakapeza mmawa wina. Anakhala pamwala wake, nakayang'ana ndi diso lomwe lija la kale.

"Mwaona zimene mwachita, bambo inu? Tambala wanga wapita. Mpunga wa Khirisimasi wapita. Achimwene sandipatsa moni. Malo a mapesi asanu ndinkakalipa, lero duwa lanu ladya munda wathunthu. Mwakhutira?"

Kaduwa sikanayankhe, monga mwini wake. Zelifa anazula kaudzu kamene kanayamba kumera pafupi ndi chitsinde, nakataya kutali.

"Ndipo khasu langa ndikulifunabe."